Odi wa M'wailesi Yanga

Ku Chelstone kuno, mu Lusaka, magetsi akathima anthu amatukwana. Ine ndinkasangalala, ndipo sindinkabisa. Mayi wa nyumba yoyandikana ndi yanga anandiona tsiku lina ndikutuluka ndi mpando ndikumwetulira, pomwe iye akudandaula za nyama ya mufiriji, nandiuza pamwamba pa mpanda kuti, "Imwe ba shikulu, muli na ufiti." Si ufiti ayi. Ndine munthu womvera wailesi ya mafunde aafupi, aja amene amawoloka mayiko ndi nyanja, ndipo mafunde amenewa sagwirizana ndi magetsi. Firiji, tchaja ya foni, mababu atsopanowa, zonse zimalira m'wailesi ngati mafuta mupoto. Magetsi akangothima phokoso lonselo limatha, ndiye mawu akutali amafika bwinobwino mpaka pakhonde panga.

Matendawa ndinawatenga ndili mnyamata, nditangokwatira, tikukhala m'mafulati a ku Kabwata. Ndinkagwira ntchito yaukalaliki mu ofesi ina ya boma ku Longacres, ndipo wailesiyo ndinaigula kwa mnzanga wa kuntchito amene ankasamuka. Inali yolemera ngati njerwa zingapo. Ndinamanga waya wautali kuchokera pawindo lathu la pamwamba kukafika pamtengo wa mango wa panja, kuti uzigwira mafunde. Mawa lake nditabwera kuntchito ndinapeza mkazi wanga wayanikapo matewera. Tinakangana mpaka anthu a fulati ya pansi anatuluka kudzamvera. Iye anati waya ndi waya, ndipo sanaonepo waya umene umakana matewera. Kuyambira pamenepo wailesiyo ankaitcha mkazi mnzake. Akamabweretsa tiyi ankati, "Mkazi mnzanga wanena zotani lero?" Ndinkamuuza za nkhondo za kutali ndi za chipale cha kumayiko a azungu, iye n'kumangogwedeza mutu akusenda mbatata.

Tinasamukira ku Chelstone ana atayamba kukula, waya tinasamuka nawo. Ana anakula n'kupita. Ine ndinapuma pantchito. Kenako mkazi wanga anadwala nyengo imodzi ya mvula, ndipo mvula isanathe tinamuika. Anthu a mpingo wathu anabwera kwa masabata angapo, kuimba ndi kupemphera, kenako anabwerera ku zawo, monga mmene ziyenera kukhalira. Ndinatsala ndi nyumba ya zipinda zambiri ndi wailesi. Nayonso wailesiyo inali itayamba kusiyidwa. Nyumba zoulutsira mawu zimene ndinakula nazo zinatseka imodziimodzi, ati anthu masiku ano amamvera pa foni. Kunatsala alaliki okalipa ndi zinenero zimene sindizidziwa. Ndinkamverabe. Munthu akamawerenga nkhani m'chinenero chachilendo, iwe uli wekha pakhonde, bola ndi munthu.

Chifukwa chosowa chomvera ndinayamba kupotokolera wailesi kumalo amene kale ndinkangowadumpha. Pali timalo tina pa mafundewa pamene sipakhala nyumba zoulutsira mawu, koma anthu wamba amene ali ndi makina awoawo kunyumba, olankhulira ndi kumverera. Amaitanizana, kufunsana za nyengo, kuuzana mmene mawu akumvekera, basi n'kutsazikana. Ukawapeza koyamba amamveka ngati abakha. Pamafunika kupotokola kabatani kena pang'onopang'ono, osapupuluma, mpaka bakha uja asanduke munthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ambiri anali a mayiko akumwera, olankhula Chingerezi cha m'mphuno, ndipo nkhani zawo zinali za mawaya ndi matenda a msana.

Madzulo ena a mwezi wozizira, dzuwa litapendeka, magetsi atathima kuyambira m'mawa, ndinamva mawu a munthu wachikulire akuitana. Ankaitana monga amaitanira onse, m'Chingerezi, kutchula zilembo za dzina lake la pa wailesi, n'kunena kuti akumvetsera aliyense amene angayankhe. Koma atamaliza anawonjezera mawu amene ndinali ndisanawamvepo pa mafundewa.

"Odi. Odi kumeneko."

Ndinaimirira pampando. Lilime linali lakwathu kum'mawa, lenileni, la munthu amene anakulira kumene ndinakulira ine. Anakhala chete kudikira. Palibe anayankha. Anaitananso, n'kuchitanso odi, n'kudikiranso. Anachita zimenezo kwa kanthawi ndithu. Potsiriza anati, mosadandaula n'komwe, "Palibe anthu lero. Chabwino, tapita." Ndipo anapitadi.

Amene anabadwira m'tauni mwina sangamvetse chimene chinandivuta. Kwathu munthu safika pakhomo la wina n'kungolowa, ndipo sagogoda ngati wapolisi. Amaima chapatali n'kunena kuti odi, ndiye wa m'nyumba amayankha kuti odini, lowani. Ngakhale uli ndi matope m'manja, ngakhale wabwerayo umadana naye, umayankha. Bambo anga anandimenyapo khofi chifukwa ndinasiya munthu akuchita odi ine ndikutafuna chimanga kuseri kwa chitseko. Anati khomo losayankha odi ndi la maliro kapena la mfiti. Tsopano taonani, ine nkhalamba ya imvi, munthu wachita odi pakhonde langa lenileni, ndamumva bwinobwino, n'kumusiya apite akuganiza kuti palibe anthu.

Koma ndikanayankha ndi chiyani? Wailesi yanga ili ndi makutu okha. Kuti ulankhule pa mafundewa pamafunika makina ena, mayeso ndi chilolezo cha boma, zimene ine ndinkangoti ndidzachita chaka chamawa mpaka ndinakalamba.

Mawa lake anabweranso, nthawi yomweyo, pamalo omwewo. Mkuja chimodzimodzi. Ndinayamba kukonza tsiku langa motsatira iye. Kumsika ndinkapita m'mawa, kuthirira ndiwo m'mawa, ndipo misonkhano ya madodana, gulu la abambo a mumpingo, ikatalika ndinkatsokomola dala n'kutuluka. Sindikumbuka tsiku limene ndinayamba kumuyankha ndi pakamwa. Ndinangodzipeza kuti akati odi, ine ndikuti, "Odini, lowani, tilipo," mokweza, ndili ndekha pakhonde. Mayi wa nyumba yoyandikana uja anasuzumirapo kufuna kuona mlendo, ndipo atapeza kuti palibe, nkhani ya ufiti ija inakula.

Za munthuyo sindinkadziwa kalikonse kupatula mawu ake. Ndinkadziwa kuti akakhala ndi chimfine amaitana mwachidule, ndi kuti tsiku la Sabata amachedwako pang'ono, mwina chifukwa cha tchalitchi. Zotsalazo ndinadzipangira ndekha. Ndinamupatsa nyumba ya malata, mkazi amene anamwalira, ndi ana a m'tauni amene amaimba foni mwa apo ndi apo. Ndikudziwa kumene ndinazitenga zimenezo. Ndinali wosungulumwa kwambiri masiku amenewo, ndipo chimene ndinkafuna chinali chimodzi chokha, chakuti munthu ameneyu adziwe kuti odi wake akufika kwa munthu.

Chaka chimene magetsi anavuta koopsa, anthu a ku Chelstone anatopa ndi mdima. Madenga anayamba kuchita mawanga ndi magalasi a sola, nyumba iyi mwezi uno, iyo mwezi wamawa. Sola aliyense amabwera ndi kabokosi kotchedwa invata, kamene kamasandutsa mphamvu ya mabatire kukhala magetsi a m'nyumba, ndipo kabokosi kameneka m'wailesi kamalira kuposa firiji ndi mababu onse pamodzi. Choipa chake, sikathima. Magetsi akapita m'pamene kamalimbikira. Bata langa lija linayamba kuchepa. Mawu a mkulu uja, amene kale ankamveka ngati ali pageti, tsopano ankamveka ngati ali kutsidya la msewu waukulu magalimoto akudutsa. Ndinakwera minibasi kupita m'tauni kukagula mahedifoni, aja ophimba makutu onse awiri, kuti ndizimutola bwino pakati pa phokosolo.

Ndili ndi mwana wamkazi amene amakhala ku Kabulonga, woyamba kubadwa. Amagwira ntchito kubanki, amapemphera ku mpingo wa Pentekoste, ndipo amandikonda mwa njira yake, yothamanga. Iyeyu odi samudziwa. Amaliza hutala pageti, n'kulowa m'nyumba akulankhula pa foni, n'kutsegula firiji kuona ngati ndikudya, asanandipatse n'komwe moni. Nthawi ina ndinapita kumaliro kwathu ku Katete, ndipo pobwera ndinapeza denga langa nalonso lachita mawanga. M'khonde la m'kati, pafupi ndi chipinda changa, munali kabokosi koyera kakuphethira timagetsi tobiriwira. Firiji inali yodzaza nkhuku. Mwana wangayo anachita zonsezi mwakachetechete kuti adzandisangalatse.

Madzulo amenewo ndinatsegula wailesi. Kuchokera kumayambiriro mpaka kumapeto kunali kulira kumodzi, kokhakokha, ngati chigayo. Mkulu uja kunalibe, abakha kunalibe, ngakhale alaliki okalipa aja anamira. Ndinapsa mtima. Ndinapita pakabokosi paja n'kudina chilichonse chodinika mpaka timagetsi tonse tinafa. Nditabwerera pakhonde ndinamupeza akumaliza, chapansipansi: "Palibe anthu lero." Kabokosiko sindinakayatsenso. Sindinkadziwa kayatsidwe kake, komanso, kunena zoona, sindinkafuna.

Mwana wanga anabwera patapita masiku, ndipo fungo la nkhuku ndi limene linamulandira.

"Daddy, nindani wazimya invata? Nkhuku zonse zaola!"

Ndinati ndazimitsa ndine, chifukwa ikundisokonezera wailesi.

"Wailesi? Daddy, ma stesheni yonse aya yalimo mu foni. Ningakuikileni manje manje. Mufuna kunkhala mu mdima chifukwa cha chi wailesi cha kudala, chakalekale?"

Ndinamuuza kuti mu foni mulibe munthu amene ndimamvera. Anafunsa kuti ndani. Ndinati sindimudziwa. Anandiyang'ana monga amayang'anira anthu ofuna ngongole opanda chikole. Pamenepo ndinakalipa. Ndinamuuza kuti nyumbayi ndi yanga, kuti mdima wa muno ndi wanga, ndi kuti munthu woleredwa bwino amafunsa asanakwere padenga la bambo ake. Iye analira, ine ndinakhala pansi. Mtima utatsika ndinamufotokozera zonse, za odi, za khofi la agogo ake, za kuyankha ndekha pakhonde. Ndinkayembekezera kuti aseka kapena andipempherera. Anapukuta m'maso, kenako anatenga nkhuku zija kukataya kudzala.

Sabata yotsatira anandiimbira foni. Anati mnzake wa kutchalitchi ali ndi apongozi ake aamuna ku Woodlands, mkulu wopuma pantchito ya uinjiniya, amene ali ndi makina olankhulira aja pamodzi ndi chilolezo chake. Anali atalankhula naye kale, ndipo anavomera kuti ndipite Lamulungu madzulo. Ndinasita jekete imene ndinavala paukwati wa mwana wangayo. Mawu oti ndikanene ndinawayeserera kubafa ndi m'munda, ngakhale anali mawu amene ndakhala ndikuwanena kuyambira ndili wa kabudula.

Nyumba ya ku Woodlands inali ya mpanda wautali ndi agalu awiri onenepa. Kuseri kwake kunali nsanja yachitsulo yoposa mitengo ya jakaranda, pamwamba pake pali zitsulo zopingasa ngati zoyanikapo nsomba. Mwini wake anali wamfupi, wadazi, wa magalasi olendewera pachingwe, wocheperako kwa ine zaka zingapo.

"Mwabwela bwino, ba mudala. Ngenani, nkhalani apa," anatero, akundikokera mpando m'kachipinda kodzaza makina. Mwana wanga anaima pachitseko, foni ili m'chikwama kwa nthawi yoyamba. Ndinamuuza mwini nyumbayo malo a pa wailesi ndi nthawi yake, ndipo nditatchula za odi anavula magalasi.

"Oo, ba mudala ba odi," anatero.

"Mumawadziwa?"

"Nibamvelako." Anapukuta magalasi aja nthawi yaitali kuposa imene magalasi amafuna. "Tiyeni tiyeseko."

Nthawi itakwana mawu aja anatuluka m'makinamo, ndipo ndinagwira mpando. Sindinawamvepo choncho. Ndinamva kupuma kwake, ndinamva mpando wake ukulira akamasuntha, ndinamva mbuzi ikulira chapatali kumbuyo kwake. Anali wokalamba kuposa mmene ndinkaganizira. Anatchula zilembo zake, ananena zachingerezi zija, kenako anati, "Odi. Odi kumeneko."

Mwini nyumba anadina chogwirira cha maikolofoni, natchula zilembo zake iyenso, nanena kuti pano pali mlendo amene akufuna kupereka moni. Anandipatsa maikolofoni n'kundionetsa podina. Ndinadina ndi chala.

"Odini," ndinatero. "Lowani, akulu. Tilipo. Takhala tikukumvani masiku onsewa, kuno ku Lusaka. Tilipo."

Ndinachotsa chala. M'chipindamo munali zii. Mbuzi ija sinamvekenso chifukwa iye anali atasiya kulankhula, akumvetsera. Ndinadikira. Kenako mawu anabwera, ofatsa monga mwa masiku onse, kutchula zilembo zomwe zija, zachingerezi zomwe zija.

"Odi. Odi kumeneko."

Mwini nyumba anawonjezera mphamvu, nazunguliza zitsulo za pansanja zija kuti ziloze kum'mawa bwinobwino. Ndinayankhanso, mokweza. Ndinayankhanso kachikena, mokuwa ndithu, mpaka agalu panja anayamba kuuwa. Nthawi ina tinalankhula pamodzi, iye akuchita odi ine ndikuti lowani. Potsiriza anatsokomola pang'ono nati, "Palibe anthu lero. Chabwino, tapita."

Ndinatsala nditagwira maikolofoni mpaka mwini wake anaitenga m'manja mwanga mwaulemu.

"Sininafune kukuuzani pakuyamba, nenze kuganiza kapena lelo chizachitika," anatero. "Aba ba mudala tinabayankha maningi. Ine, anzanga ba ku migodi, na bena ba kunja. Kudala uko tonse tenze kubayankha, tsiku na tsiku, mpaka tinalema. Sibamvela."

Ndinafunsa chifukwa chake.

"Kaya. Kapena ni matu yabo yanafa, kapena pa nyumba pabo pali chongo, phokoso ya ma sola aya, monga kwanu. Mashini yabo itumiza bwino, mwamvela mweka. Koma kulandila, palibe."

Ndinafunsa ngati pali amene amadziwa kumene amakhala. Anati ndi kum'mawa, cha kumalire uko, koma amene ankamudziwa maso ndi maso ena anamwalira, ena anasamukira kunja kwa ana awo. Mkazi wa mwini nyumbayo anabweretsa tiyi ndi masikono. Ndinamwa chifukwa chakudya cha pakhomo la eni sakana, koma sindikudziwa ngati munali shuga.

Pobwerera mwana wanga anayendetsa galimoto pang'onopang'ono, zimene si khalidwe lake. Tinadutsa Kabulonga maganizo anga ali pa mkulu wa odi uja. Chimene chinkandiwawa sichinali chakuti walephera kundimva ine ndekha. Miyezi yonseyi ndinkamumvera chisoni kuti dziko lamutaya, pomwe anthu anaima pakhomo lake mpaka kutopa, akumuyankha, iye n'kumapita kukagona akuti palibe anthu. Tili pafupi kufika, mwana wanga anati akhoza kuitana amene anaika sola aja adzasunthe kabokosi kaja kukaika kutali ndi waya wanga. Ndinati achite zimene akufuna.

Anakasunthadi, n'kundiphunzitsa kuzimitsa ndi kuyatsa. Sizinathandize kwenikweni, poti mabokosi a anthu oyandikana nane sindingawazimitse. Masiku ano mkulu uja ndimamupeza movutikira. Ndimakanikiza mahedifoni ndi manja onse awiri, n'kutsinzina, ndipo pansi pa chigayo chija ndimatola kamawu kang'ono. Masiku ena sindikatola n'komwe, ndipo sindidziwa ngati ndi phokoso kapena wadwala, kapena zachitika zimene zimachitikira anthu a misinkhu yathu. Akabwera ndimamuyankhabe. Ndinaona ndekha kuti nsanja ya ku Woodlands ndi pakamwa panga pakhonde zimafika mtunda wofanana.

Lamulungu lapitali ndinamutola pang'ono chabe, chakumapeto, akutsazika. Ndinati, "Pitani bwino," n'kuvula mahedifoni, makutu akuwawa. Nditatembenuka ndinaona mwana wanga ataima pansi pa masitepe a khonde, chapatali, mbale yovundikira ili m'manja. Galimoto anaisiya kunja kwa geti. Nsapato zake zazitali zinali zitamira m'fumbi, ndipo mbaleyo anali ataisinthira kudzanja lina. Ndinamufunsa chimene akuimira pamenepo ngati mlendo.

"Nenze kuchita odi, daddy," anatero. "Kuchokela kudala. Simwenze kumvela."

Ndinasuntha wailesi pampando winawo n'kuiika pansi.

"Odini, mama," ndinatero. "Lowani."